A Kamphepo, Mmisiri wa Magalasi

Amalume anga sankatuluka m'nyumba mothamanga ngati anthu ena. M'mawa ankatsegula chitseko pang'ono, n'kusuzumira kunja, n'kuima phee ngati munthu amene akumvetsera nyimbo yochokera kutali. Kenako ankakoka mpweya pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire, n'kutiuza zimene zikuuluka m'mwamba tsikulo.

"Akutchetcha udzu kubwalo la mpira," ankatero. "Mtengo uja wa kuseri kwa sitolo nawo wayamba maluwa. Lero ndi tsiku la mipango itatu yopukutira mphuno."

Ukapita kukaona, unkapezadi udzu uli mbwee pabwalopo, ndipo mtengo uja uli ndi timaluwa toyamba kunsonga. N'chifukwa chake anthu a mumsewu mwathu anawapatsa dzina lakuti a Kamphepo, ndipo iwo ankavomera bwinobwino.

Nkhani ya ubwana wawo ndinaimva kwa mayi anga, amene ndi mlongo wawo wamng'ono. Akuti asanakwanitse miyezi inayi, masaya awo anayamba kuuma, kusendeka ndi kutuluka timadzi. Kuchipatala anati ndi chikanga. Atakula pang'ono chinachoka kumaso n'kukakhazikika mkati mwa zigongono, kuseri kwa mawondo ndi m'khosi. Chinkayabwa moti mwanayo ankadzikhula pamwendo wa tebulo, ndipo agogo aakazi ankamuveka masokosi m'manja kuti zikhadabo zisamalize khungu. Mayi amati chithunzi choyamba chimene amakumbukira cha achimwene awo ndi chimenecho: kamnyamata kowonda katakhala pakhonde, masokosi ofiira m'manja, kakuyang'ana mitambo kukamwa kuli yasa chifukwa mphuno inali yotsekeka.

Agogo aamuna anali kalipentala, ndipo shedi yawo inali kuseri kwa nyumba. Lata limodzi la padenga linali ndi kabowo ka msomali, ndiye dzuwa likakwera pankatsika kamzere ka kuwala, kowongoka ngati chingwe. M'kamzeremo utuchi unkayandama, wina kukwera, wina kutsika. Amalume ankagona chagada pabenchi n'kumauyang'ana mpaka kuiwala kudya. Ankauza mayi anga kuti ndi anthu a m'tauni ina yaing'ono, ena akupita kuntchito, ena akuweruka, ndipo akauzira mpweya ankati wagwetsa chimphepo m'tauni yonse. Akatero ankayamba kuyetsemula, maso n'kufiira, misozi chuchuchu, koma mawa lake ankabwereranso pabenchi pomwepo.

"Chimfine chanji chosadziwa nyengo?" agogo ankatero akupala thabwa. "Kuzizire chimfine, kutenthe chimfine. Chidzatha ukazolowera ntchito."

Sankanena mwankhanza. Ankangofuna kuti mwana wawo adzatenge shediyo, ndipo anali atamugulira kale kasowo kakang'ono ka chogwirira chofiira.

Tsiku lina masana, amalume ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ankakwecha tebulo ndi sandipepa. Mayi anga analowa ndi madzi akumwa ndipo anamva kakulira kenakake, kowonda ngati ka mwana wa mphaka. Anayamba kusuzumira pansi pa matabwa kuti akapeze. Kenako anaona achimwene awo atakhala pansi, atatsamira khoma, mapewa akukwera ndi kutsika. Kakulira kaja kankachokera m'chifuwa mwawo.

Agogo anawabereka kumsana mpaka kuchipatala, ngakhale kuti anali atatalika kale. Atapeza bwino, namwino wina wachikulire anawapinda malaya n'kuona mkati mwa zigongono muja, n'kugwedeza mutu.

"Bambo, mwanayu ali ndi mphumu," anauza agogo. "Ndipo musadabwe. Chikanga, mphuno yoyetsemula ndi mphumu zimakonda kuyendera limodzi ngati ana a bere limodzi. Si onse a chikanga amene zimawapeza, koma ambiri ndithu. Thupi lake limachita ndewu ndi zinthu zimene ife timangopuma osadziwa: fumbi, mungu wa maluwa, ubweya wa ziweto, nkhungu ya m'makoma. Kodi kunyumba mumagwira ntchito yanji?"

Agogo anayang'ana manja awo, utuchi udakali m'zikhadabo. Atafika kunyumba anatenga kasowo kaja n'kukapachika pamwamba penipeni, pamsomali umene munthu sangafike popanda makwerero. Kuyambira tsikulo amalume sanalowenso m'shedi. Ntchito yawo inakhala yotumidwa: kukagula misomali, kukapereka mipando, kukatenga miyeso.

Kutumidwako ndi kumene kunawafikitsa kushopu ya magalasi. Agogo anali atapanga mafelemu a mazenera anayi ndipo pankafunika magalasi ake. Mwini shopuyo anali mayi wina wamasiye, wamfupi, wovala magalasi a maso okhuthala, amene ankakolopa pansi katatu patsiku poopa tizidutswa tobaya. Munalibe kapeti, munalibe makatani, munalibe mphaka. Magalasi anali atatsamira khoma m'mizeremizere, m'mphepete mwake mukuoneka mobiriwira ngati madzi akuya, ndipo munthu ukamayenda nkhope yako inkakutsatira mbali zonse, yotuwa, ngati ikuyenda m'maloto. Amalume anapatsidwa magalasi anayi aja atakulungidwa m'nyuzi, koma sanachoke.

"Mwana iwe, katundu wako ndi ameneyo. Ukudikiranso chiyani?" mayiwo anafunsa.

"Ndikungopuma, amayi."

"Watopa ndi chiyani m'mawa uno?"

"Ayi, si kupuma kumeneko. Ndikupuma mpweya. Muno ukulowa mbali zonse ziwiri za mphuno."

Mayiwo anavula magalasi awo, n'kuwapukuta, n'kumuyang'ananso mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anaona khosi lokandikakandika ndi mphuno yofiira. Anamuuza kuti akafuna azibwera akaweruka kusukulu, bola asamagwire chinthu osauzidwa.

Amalume anakhala m'shopumo zaka makumi atatu ndi zinayi. Anaphunzira kuti galasi umalilemba kamodzi kokha ndi kachitsulo kodulira, ukabwereza laonongeka, ndiponso kuti khutu ndi limene limakuuza ngati mzerewo wagwira. Ankati galasi lolembedwa bwino limalira ngati nsalu yatsopano ikung'ambika chapatali. Akatero ankaliika pamphepete pa tebulo, n'kuligogoda pang'ono kunsi, ndipo linkagawanika lokha ngati linali litaganiza kale. Vuto linali pati, phala lija amamatira galasi pafelemu. Linkawawotcha zala mpaka kung'ambika, ndiye ankavala magolovesi awiri, ansalu mkati ndi apulasitiki kunja. Agogo ankapanga mafelemu kwawo, amalume n'kumaika magalasi kushopu, ndipo mazenera ambiri a m'tauni mwathu anapangidwa ndi anthu awiriwa osagwirira ntchito m'chipinda chimodzi.

Akazi awo, amene ine ndimati azakhali, amalume anakumana nawo pamalo amene sankayenera kupondapo n'komwe. Anatumidwa kukaika magalasi pa kanyumba koleramo mbande kunazale ya maluwa. Atangolowa pageti, mphuno inayamba ntchito yake. Mtsikana wina amene ankathirira mbande anaika keni yothirira pansi n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Seveni. Eyiti. Pitirizani, bambo, ndikuwerenga." Anafika pa naintini. "Mwamaliza, kapena ndikaitane mnzanga adzandilandire?"

Amalume anafuna kuyankha, koma m'malo mwa mawu panatuluka ya twente. Mtsikanayo anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anawabweretsera madzi m'beseni kuti asambe kumaso. Ntchitoyo inali ya masiku awiri, koma amalume anabwererako Loweruka lotsatira kuti akaone ngati pati wauma. Loweruka linalo anapita kukaona ngati galasi silikugwedera. Mwezi wonse ankabwera kunyumba maso atatupa ngati alumidwa ndi njuchi, khosi litayambiranso kuyabwa.

"Achimwene," mayi anga anawafunsa, "akazi onse ali m'tauni munowa, inu mpaka wa maluwa? Kulibe wogulitsa mbale kapena mapaipi?"

"Mphuno ikukana," amalume anayankha akudzipukuta, "koma ine sindinaifunse maganizo."

Anakwatirana chaka chotsatira, ndipo azakhali sanasiye ntchito yawo. M'malo mwake anakonza moyo wa panyumba mwa njira yawoyawo. Ine ndinauona ndi maso, chifukwa ndinakhala nawo zaka zitatu ndili kusekondale. Azakhali akaweruka sankalowera kukhomo la kutsogolo. Ankazungulira kuseri, n'kuvula zovala zakuntchito m'kabafa kakunja, n'kusamba mpaka tsitsi, kenako n'kulowa atavala zina. M'nyumbamo simunkalowa tsache. Tinkakolopa ndi kupukuta ndi nsalu yonyowa, ngakhale pamwamba pa zitseko. Zofunda zinkachapidwa ndi madzi otentha mlungu uliwonse chifukwa cha tizilombo ta m'fumbi tosaoneka ndi maso, ndipo nyengo ya mungu zinkayanikidwa m'nyumba. Sopo anali wa mtundu umodzi, wopanda fungo. Pefyumu wanga woyamba ndinkamusunga kwa mnzanga n'kumadzipopera panjira.

Nyumbayo sinkanunkhira kanthu kalikonse, koma inali yowala kuposa nyumba zonse zimene ndinalowamo. Amalume anali atakulitsa mazenera onse, ndipo azakhali ankabweretsa maluwa m'zitini n'kuwandandalika panja, pamphepete pa zenera la pabalaza. Lamlungu masana amalume ankakokera mpando pafupi, n'kumawayang'ana ali mkati, zenera lili chitsekere. Njuchi zinkabwera n'kumapita osamveka phokoso. Nthawi zina azakhali ankaima panjapo n'kumawalozera duwa lililonse, milomo ikutchula dzina lake, amalume n'kumagwedeza mutu ngati akumva.

"Lofiiralo limanunkhira bwanji?" anawafunsa tsiku lina azakhali atalowa.

Azakhali anaganiza kanthawi. "Ngati tiyi amene wazizira m'kapu, koma wothira shuga wambiri."

"Ndiye sindikuphonya zambiri."

"Mukuphonya, bambo. Kungoti sindikutha kulongosola."

Mphuno imeneyo sinkanamizika. Tsiku lina ndinasisita mphaka kwa mnzanga, ndipo ndinasamba m'manja ndisanabwerere. Nditangokhala pasofa, amalume anatsitsa nyuzi imene ankawerenga.

"Iwe, wanyamula mphaka lero."

"Ayi, amalume."

"Mtundu wake sindikuudziwa, koma wakhala pamiyendo pakopo. Kasinthe siketi, ndipo ukamupatse moni mawa."

Mwana wawo, msuweni wanga, anabadwa ine ndisanapite kukakhala nawo, ndiye izi ndinamva kwa azakhali. Ali ndi miyezi itatu, timasaya take tinayamba kuuma. Amalume anangokhudza ndi chala kamodzi, n'kutuluka. Azakhali anawapeza atakhala pa chidebe kuseri kwa nyumba, akuyang'ana khoma.

"Ndamupatsa ndine," anatero. "Pa zinthu zonse zimene ndikanamupatsa."

"Mwamupatsanso makutu akuluakuluwo ndi zala zazitalizo, koma sindinakuoneni mutakhala pa chidebe," azakhali anayankha. "Dzukani. Inu ndi amene mukudziwa pamene pamayabwa. Ine ndingomanga thewera."

Kuyambira pamenepo ntchito yodzoza mwanayo inakhala ya amalume, m'mawa ndi madzulo, akangomusambitsa khungu lisanaume. Ankatenga mafuta oyera aja opanda fungo n'kumayenda ndi chala pathupi la mwanayo ngati basi: apa ndi padepoti, tikukwera mtunda wa bondo, tatsikira kumsika wa kuseri kwa khutu, alipo wotsika? Mwanayo ankaseka mpaka kuiwala kudzikanda. Ankamuwenga zikhadabo akugona masana, ndipo akangotsokomola kawiri ankaika khutu pamsana pake n'kumvetsera nthawi yaitali. Kakulira kaja sanakamvepo. Chikangacho chinayamba kuzilala msuweni wanga atafika zaka khumi. Chimene chinatsala ndi kuyetsemula kwa nyengo ya maluwa, ndipo miyezi imeneyo bambo ndi mwana ankayetsemula molandizana patebulo, azakhali n'kumangosuntha mbale.

Ngozi yaikulu inawapeza atakula kale, imvi zitayamba. Bambo wina wokalamba anawaitana kuti akaike magalasi m'nyumba ya malemu mchemwali wake, imene inakhala yotseka zaka zisanu. Atangotsegula chitseko, amalume anadziwa. Makoma anali akuda ndi nkhungu, nkhunda zinali zitamanga zisa m'siling'i, ndipo nthenga zinali paliponse. Anapisa m'thumba kufuna kampope kawo ka mankhwala a mphumu, n'kukumbukira kuti katsala m'jekete lina. Akanatha kubwerera. Koma mitambo inali itayamba kuda, mwini nyumbayo anali ataima ndi ndodo yake akuwayang'ana mwachiyembekezo, ndipo mazenera anali atatu okha. Anamanga mpango pamphuno n'kulowa.

Anamaliza awiri. Pa lachitatu manja anafooka, galasi linatsetsereka n'kusweka pansi, ndipo iwo anagwada pakati pa zidutswazo. Bambo wokalambayo sakanatha kuwanyamula. Anatuluka kumsewu n'kuima pakati penipeni, ndodo ili m'mwamba, mpaka galimoto ina inaima.

Amalume anagona m'chipatala masiku anayi. Titapita kukawaona tsiku lachiwiri, anali ndi kachipangizo ka mpweya kumaso, ndipo ankakachotsa pang'ono kuti alankhule.

"Sindinaope kwenikweni," anatiuza. "Ndinaona ngati nyumba yonse yadzaza madzi obiriwira, ine ndikumira pang'onopang'ono, nkhunda zikuuluka m'madzimo osanyowa. Kunali zii. Ndimangodandaula kuti zenera lachitatu latsala, mvula ilowa."

Azakhali sanaseke. Anawabwezera kachipangizoko kumaso n'kukagwira ndi dzanja kuti asakachotsenso. Atabwerera kunyumba anatulutsa malaya onse a amalume, mabuluku ndi majekete, n'kusokerera kathumba kakang'ono koikamo kampope mkati mwa chilichonse. Anapempha kuchipatala kampope kachiwiri kuti kazikhala m'bokosi la zida. Ndipo anawalumbiritsa pamaso pa mayi anga kuti sadzalowanso m'nyumba imene mphuno yawo yakana pakhomo. Zenera lachitatu lija anakaika mmisiri wina, koma amalume anapita kukaliona ali panja pa mpanda, n'kunena kuti lapendekeka pang'ono.

Ntchito yawo yomaliza inali pa nyumba yosanja kakhumi ndi kanayi, yaitali kuposa zonse m'tauni mwathu. Kapitawo wa pamenepo anawaitana ngati munthu wamkulu wodziwa ntchito, kuti aziyendera mmene anyamata akuikira magalasi. Pansi panali fumbi la simenti lokhalokha, moti ankayenda atavala masiki awiri. Ankakwera nsanjika imodzi pa mlungu, kutsatira magalasiwo.

Anafika pamwamba penipeni tsiku lina mvula itagwa m'mawa wonse n'kukata. Mbali imodzi inali isanaikidwe magalasi, ndipo simenti ya pansi inali yonyowa. Anzawo anatsika kukadya. Amalume anatsala okha, n'kuvula masiki aja. Akuti mpweya wa pamenepo unalibe nkhani iliyonse. Sunanene za udzu, za utsi, za mphaka wa munthu, kapena za mtengo uliwonse. Unangolowa, wozizira, mpaka pansi penipeni pa chifuwa pamene iwo sankadziwa kuti pali malo. Anakhala pansi n'kutsamira chipilala. M'munsi magalimoto ankayenda mwakachetechete, madenga onyowa akunyezimira, ndipo kamtambo kena kanadutsa pafupi kwambiri moti anaganiza zokagwira. Anagona tulo pomwepo, dzuwa lili paliwombo.

Anzawo anawafunafuna maola awiri, osaganiza zoti atsala pamwamba. Kapitawo anali atatumiza kale uthenga kwa azakhali, ndipo iwo anafika akuthamanga, matope a kunazale ali m'miyendo. Anakwera masitepe onsewo chifukwa chikepe chinali chisanayambe kugwira ntchito. Anawapeza atagona chammbali, dzanja atatsamiritsa mutu, kukamwa kuli kotseka. Azakhali anagwada n'kuika khutu pafupi. Kenako anatembenukira kapitawo ndi anyamata amene anali kumbuyo kwawo n'kuwakupiza ndi dzanja kuti abwerere.

"Asiyeni," ananong'oneza. "Zaka zonsezi sindinawaonepo akugona chotseka pakamwa."

Anakhala pambali pawo mpaka anadzuka okha. Amalume atatsegula maso n'kuona akazi awo ali ndi zovala zakuntchito, tsitsi losasamba, anayetsemula kamodzi, n'kufunsa ngati nthawi ya chakudya yatha.

Milungu itatu yotsatira ankadyera pamwambapo tsiku lililonse, mpaka galasi lomaliza linalowa, limene analimata okha. Atatero anapuma pantchito. Panopa amakhala pakhomo, amathandiza anthu a mumsewu kudula magalasi a mafelemu a zithunzi, ndipo chikanga chimawayenderabe m'manja nyengo yozizira. M'nyumba yaitali ija muli maofesi tsopano. Mlonda wa pageti amawadziwa, ndipo mvula ikagwa n'kukata amawalola kukwera chikepe mpaka pamwamba. Mwezi wathawu ndinapita nawo. Tinaima m'khonde la makapeti, mpweya wa makina ukuwomba kuchokera kudenga, tauni yonse ili pansi pathu kuseri kwa galasi. Amalume anayendetsa chala m'mphepete mwa zeneralo, kuchokera pamwamba mpaka pansi, kufunafuna pamene pangalowe kamphepo ngakhale pang'ono.

"Palibe potsegula, amalume?" ndinafunsa.

"Palibe," anayankha. "Ili ndinamata ndekha, ndipo ndinamata bwino."

Tinaimabe pamenepo kanthawi, kenako kapeti ija inayamba kuwayabwa m'mphuno, ndipo tinatsika.